Makhadi a pepala a ku Chongwe, ndi tsamba limodzi limene linandichititsa manyazi

Loweruka lina m'mawa ndinakwera basi ya ku Chongwe nditafumbata envulopu ya khaki ngati munthu wopita kukafuna ntchito. Kondakita anandikhazika pa kampando kopinda kaja ka pakati, kamene umaimirira nthawi iliyonse wina wakumbuyo akafuna kuseluka. Tisanafike n'komwe pa Manda Hill, amayi amene ndinagundana nawo mapewa anali atayang'ana envulopuyo katatu.

"Ni ma CV, mwana wanga?"

"Iyayi amayi, ni makhadi."

Anakokera chikwama chawo pamiyendo, ndipo sanandilankhulenso mpaka pa Chelstone pamene anaseluka. Sindiwaimba mlandu. Kwathu kuno ukatchula makhadi, munthu amamva njuga.

M'envulopumo munali mapepala asanu a A4, lililonse lili ndi zithunzi 9 za zinjoka zamapiko, amatsenga ndi asilikali a malupanga. Amene anandituma ndi muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu, mnyamata wa zaka 14. Ananditumizira fayilo pa WhatsApp pakati pa sabata ndi mawu akuti, "Amalume, munipangileko print mu tauni, pa Sondo tili na tournament." Ine ndinaganiza kuti ndi za kusukulu. Nditatsegula ndinapeza zinjoka.

Iye ndi anzake amasewera Yu-Gi-Oh!, ndipo awa si makhadi 52 aja tinazolowera. Masewerawa anachokera ku Japan. Kazuki Takahashi anayamba kujambula nthano ya Yu-Gi-Oh! mu 1996, ndipo mu 1999 kampani ya Konami inatulutsa makhadi ake. Aliyense amabwera ndi mulu wake wa makhadi, umene amautcha deki, wosachepera 40 komanso wosapitirira 60. Aliyense amayamba ndi mapointi 8,000, ndipo amene ake afika pa 0 waluza. Khadi iliyonse ili ndi dzina, mphamvu zake ndi malamulo ake olembedwa m'Chingelezi chaching'onong'ono ngati cha pa pepala la mankhwala. Makhadi osiyanasiyana alipo opitirira 10,000, choncho luso limayambira pa kusankha: utenga ati, usiya ati, ndi ati amene amagwirizana.

Manje vuto ndi ndalama. Kampani imagulitsa makhadi ambiri m'timapaketi totseka, sudziwa chimene chili mkati mpaka utang'amba. Makhadi amphamvu amasowa dala, ndipo chinthu chikasowa mtengo umakwera. Kunja uko zinafika pochititsa mantha. Mu 2021 Logan Paul, wa ku America wotchuka pa YouTube, anagula khadi imodzi ya Pokémon yotchedwa Pikachu Illustrator pa mtengo wa madola 5.275 miliyoni. Mu 2023 woimba Post Malone anagula khadi ya Magic: The Gathering yotchedwa The One Ring, imene inasindikizidwa imodzi yokha padziko lonse, pa madola pafupifupi 2 miliyoni. Amenewo ndi a anthu osunga chuma, osati osewera. Koma ngakhale deki wamba yopikisana nayo amaigulitsa m'madola, uwonjezepo zotumizira. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, pamene katundu wotere angatere, lili m'boma lomweli la Chongwe, koma kwa mwana amene amayi ake amagulitsa tomato pamsika, makhadiwo ali kutali ngati Tokyo yomweyo. Pali Master Duel, masewera omwewa a pa foni amene anatuluka mu 2022 ndipo kuwatsitsa n'kwaulere, koma amafuna foni yamphamvu, bandulo ndi malaiti. Inu mukudziwa mmene malaiti anatichitira chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba. Ana ambiri anabwerera ku masewera osafuna chaja.

Ndiye amapanga okha. Pa Chingelezi khadi yoimira inzake amaitcha proxy. Anyamata amene ndinawapeza amangoti "ya pepala".

Si zachilendo kwa ife. Tinakula tikumenya chimpombwa chifukwa mpira wachikopa unali wa kusukulu, tinkapinda waya kukhala motoka, ndipo drafuti tinkasewera ndi zotsekera mabotolo, ena choyang'ana kumwamba ena chovundikira. Ngakhale makhadi wamba, imodzi ikatayika, tinkadula kabokosi ka fodya n'kulembapo nambala ndi bolopeni. Koma kumbukirani chimene chinkachitika ndi khadi ya kabokosi ija. Aliyense ankaidziwa ngakhale itavundikiridwa. Ikakhala m'manja mwa mnzako, unkadziwiratu chimene wanyamula. Musaiwale khadi imeneyo, tibwereranso kwa iyo.

Ndinafika ku Chongwe cha m'ma 11 koloko, ulendo wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera m'tauni motsata Great East Road, ndipo muphwa wanga anandilandira envulopu asanandilandire ine. Masana onsewo anakhala pakhonde ndi rula, lezala, guluu wa ndodo ndi mapepala olimba a manila. Ndinakhala naye, ndipo ndinaphunzira kuti ntchitoyi ili ndi mwambo wake.

Khadi ya Yu-Gi-Oh! ndi mamilimita 59 m'lifupi ndi 86 m'litali. Za Pokémon ndi Magic n'zokulirapo, 63 kwa 88. Pa mitundu yonse iwiri, pepala limodzi la A4 limakwana makhadi 9, atatu atatu. Deki ya muphwa wanga ndi ya makhadi 45, ndiye mapepala asanu. Amayamba wamata pepala lonse pa manila, kenako n'kudula, chifukwa ukadula kaye zithunzi zimakhala zopendekeka. Amadula ndi lezala motsamira rula, osati sizasi, popeza sizasi imapotoka. Guluu wamadzi amamukana chifukwa amapinda khadi ngati chibwato, ndipo amene anayesapo phala la ufa anadzuka m'mawa n'kupeza mphemvu zitadya chinjoka mutu. Akamata amapsinja mapepalawo pansi pa matiresi kapena pansi pa chigubu cha madzi. Makona amawazungulitsa ndi chodulira zikhadabo. Inki ya printa zazing'ono za kunyumba imasungunuka ndi thukuta la m'manja, choncho amakonda makina akuluakulu a m'mashopu a fotokope amene amasindikiza ndi ufa wotenthetsa. Kuika lamineti kumaoneka bwino tsiku loyamba chabe, kenako makhadi amaterera, deki imanenepa, m'mphepete mumayamba kusendeka.

Amene ali ndi mwayi wopeza timatumba tapulasitiki toikamo makhadi, tija totseka kumbuyo ndi mtundu umodzi, savutika ndi guluu n'komwe. Amalowetsa khadi wamba yolimba, n'kuika kapepala kosindikiza patsogolo pake, basi yatha. Ndi njira imene osewera ambiri kunja amagwiritsa ntchito poyeserera deki asanaigule. Koma timatumbato nato n'togula, ndipo si kantemba kalikonse kamene kali nato.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinamuuze muphwa wanga, chifukwa sindinachione ngati nkhani. Tsiku limene ndinkasindikiza, malaiti anapita mapepala anayi atatuluka. Lachisanu ndinakasindikizira pa shopu ina, tsidya lina la msewu. Kumeneko mtsikana wa pa kompyuta anasiya makina pa "fit to page", chimene chimachepetsa chithunzi pang'ono kuti chikwane bwino pa pepala. Ine sindinayang'ane. Makhadi 9 a tsamba limenelo anatuluka ofupika ndi mamilimita pafupifupi atatu. Ndikukumbuka kuti pamene ankadula tsambalo anaima, n'kusanjikiza makhadi awiri, n'kuwayang'ana kwa kanthawi. Kenako anapitiriza osanena kanthu. Ine ndinali pa foni.

Mpikisano unachitika pa Sondo masana, anthu atabwerako ku tchalitchi, pakhonde la shopu yotseka. Anabwera ana 12, anyamata khumi ndi atsikana awiri, aliyense ndi K5 yake. Wopambana atenge K60 yonse. Mtsikana wina wamkulupo, wa zaka ngati 16, ndiye anali ndi kope lolembamo mapointi, ndipo ndalama zinali m'sokosi yake. Ndinadabwa kumva ana amene aphunzitsi amati sakonda masamu akuchotsera 2,500 pa 8,000 pamtima, ndiponso akukangana za tanthauzo la liwu limodzi la Chingelezi ngati maloya ku High Court.

Muphwa wanga anapambana masewera oyamba msanga. Achiwirinso msanga. Achitatu chimodzimodzi, ndipo onse atatu mwa njira imodzi. M'masewerawa muli makhadi asanu otchedwa Exodia: mutu, manja awiri ndi miyendo iwiri ya chimphona chimodzi. Ukakhala nawo onse asanu m'manja wapambana pompo, mapointi a mnzako angachuluke bwanji. Lamulo limalola imodzi yokha ya iliyonse mu deki, ndiye kuwasonkhanitsa ndi ntchito. Ndinawerengera pa foni pambuyo pake: mu deki ya makhadi 45 yosakanizidwa bwino, mwayi woti onse asanu apezeke pa makhadi 9 apamwamba ndi umodzi pa pafupifupi 9,700. Mwana wa mlongo wanga zinamuchitikira katatu motsatizana. Ine, amalume ake, ndinkaomba m'manja.

Mtsikana wa kope sanakangane ndi munthu. Anangopempha deki, n'kuigogoda pa simenti kuti makhadi alingane, n'kuitukula kuti tonse tione m'mphepete. Makhadi 9 anali atamira pakati pa anzawo ngati mano ofupika. Anagwira deki m'mbali ndi zala ziwiri n'kukoka pang'onopang'ono. Akuluakulu anatsatira zala, aang'ono anatsala. Anawatembenuza. Exodia yense anali pomwepo, ndi ena anayi.

Inali khadi ya kabokosi ka fodya ija, itangovala bwino.

Pakhondepo panabuka phokoso. Ine ndinaimirira n'kunena kuti cholakwa ndi changa, ndine ndinasindikiza tsambalo molakwika, ndipo zinali zoona. Koma mtsikanayo anandiyankha mwaulemu kuti, "Ba uncle, imwe munalakwisa print. Koma uyu anaziba." Ndinayang'ana muphwa wanga. Anali akuyang'ana zala za kumapazi. Posakaniza makhadi ankawamva aang'onowo ndi zala n'kuwakwezera pamwamba, ndipo popeza ana awa analibe chizolowezi chopatsa mnzawo deki kuti adule, palibe chimene chinkamusokoneza.

Apa m'pamene mnyamata wina wochokera cha ku Silverest analowererapo. Iye yekha ndiye anabwera ndi makhadi ogula, onyezimira, m'kachitini. Anati izi n'zimene zimachitika ndi makhadi a pepala, onse ndi akuba, ndipo pa mpikisano weniweni palibe mmodzi wa iwo akanaloledwa kukhala pa tebulo, choncho K60 ndi yake.

Pa mfundo ya malamulo, mnyamatayo sananame. Pa mipikisano yovomerezeka ndi Konami, makhadi opanga wekha saloledwa. Ku Magic: The Gathering, masewera amene Richard Garfield anapanga ndipo anatuluka mu 1993 monga oyamba a mtundu umenewu, lamulo ndi lakuti wosewera sangadzipangire khadi yoimira ina. Woweruza wamkulu wa mpikisano yekha ndiye angailembe, makamaka ngati khadi yeniyeni yawonongeka mwangozi mpikisano uli mkati, ndipo yeniyeniyo iyenera kukhala pafupi kuti ionetsedwe. Chifukwa chimodzi n'chodziwikiratu, kampani imadya pogulitsa makhadi. Koma chifukwa china n'chimene tinachiona pa simenti paja: makhadi onse mu deki ayenera kufanana kumbuyo, m'mphepete ndi pokhudza. Ngakhale khadi yeniyeni, ikapindika kapena kukandika moti ingadziwike ili yovundikira, woweruza amaiona ngati yoikidwa chizindikiro.

Komabe nkhaniyi si yowongoka choncho. Mu January 2016 kampani ya Wizards of the Coast, eni ake a Magic, inalengeza kuti ilibe cholinga cholondalonda anthu amene amadzilembera makhadi oyeserera pa iwo okha popanda kugulitsa, bola asalowe nawo mu mpikisano wovomerezeka. Kunja kuli mipikisano yambiri yosavomerezeka ya makhadi akale odula imene imalola osewera kubwera ndi makhadi angapo oimira, chifukwa popanda kutero matebulo angakhale opanda anthu. Kampani yomweyo imasindikiza makhadi apadera olembapo dzina ndi cholembera, oimira makhadi ake a nkhope ziwiri amene alibe kumbuyo. Ndipo mu 2022, pokondwerera zaka 30, inagulitsa bokosi la makhadi 60 otengera akale pa madola 999, okhala ndi kumbuyo kosiyana ndipo osaloledwa pa mpikisano. Osewera ambiri anakwiya, amvekere mwatigulitsa makhadi a pepala pa mtengo wa njinga yamoto. Ndiye ngati eni ake amapanga, ine sindiona chifukwa chonyozera mwana wa ku Chongwe ndi lezala yake.

Mtsikana wa kope anapemphanso kachitini ka mnyamata wa ku Silverest. Khadi yeniyeni ya Yu-Gi-Oh! imakhala ndi kachidindo kakang'ono konyezimira ka makona anayi pansi kudzanja lamanja, ndipo ambiri amakhala ndi nambala ya manambala 8 pansi kumanzere. Ake ena analibe kachidindoko, ena kanali kongojambula ndi inki. Mayina ena anali olembedwa molakwika, ndipo Chingelezi chake chinali chosamveka, chosiyana ndi chimene chinali pa makhadi a pepala a anzake, amene anatengera zithunzi za makhadi enieni. Anali achinyengo onse.

Pamenepo mtima unandipweteka kuposa za muphwa wanga. Mwanayo sankadziwa. Bambo ake anamugulira pa msika wina m'tauni atauzidwa kuti ndi orijino, ndipo analipira mtengo wa orijino. Anzake anayamba kuseka, koma kusekako sikunapite patali, chifukwa anaona mmene anatsekera kachitini kake.

Ine kusiyana ndimakuona motere. Khadi ya pepala yabwino imabisala kumbuyo chabe, kuti masewera ayende mwachilungamo, koma kumaso imavomera kuti ndi pepala. Palibe amene angapusitsidwe nayo n'kutulutsa ndalama. Yachinyengo imanama kumaso, ndipo inapangidwira kuti wina alipire. Imeneyo ndi m'bale wake wa ma DVD okopera aja tinkagula pa mphambano, ndipo dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za eni ake, Copyright and Performance Rights Act ya 1994. Wina akayamba kusindikiza makhadiwa n'kumagulitsa ana asukulu ngati enieni, ameneyo wachoka pa masewera. Makolo amene mumadutsa pa misika ya m'tauni mukachoka ku ntchito, mukaona mulu waukulu wa makhadi onyezimira pa mtengo wa mbale ya nsima, yang'anani kachidindo kaja ndipo werengani dzina. Mukagula mukudziwa kuti ndi zoseweretsa, zili kwa inu. Koma musalipire mtengo wa orijino.

Mlanduwo ana anaweruza okha, ine ndinangokhala mboni yochita manyazi. Muphwa wanga anachotsedwa mu mpikisano, K5 yake osabwezeredwa. Atatu amene anawagonjetsa anabwezeredwa pa malo awo. Mnyamata wa ku Silverest analoledwa kupitiriza, koma makhadi ake anawerengedwa ngati a pepala, ndipo pamene mawu a pa khadi yake anasiyana ndi enieni, ankatsatira enieniwo. Kumapeto kwa kope mtsikanayo analembako malamulo atsopano: deki iliyonse aziyamba aigogoda pansi anthu akuona, mnzako azidula deki yako usanatole khadi, makhadi onse a munthu mmodzi azimatidwa pa manila amtundu umodzi, ndipo khadi ya pepala isagulitsidwe kwa wina aliyense. Ndinamufunsa ngati anawerengapo malamulo a mipikisano ya kunja. Anati anawerengako pang'ono pa foni ya mkulu wake, zina anangoganiza. K60 inapita kwa kamnyamata kena kachete kamene theka la deki yake kanalemba pamanja ndi bolopeni, popanda chithunzi ngakhale chimodzi.

Madzulo nkhani inali itafika kale kunyumba, monga mudziwa Chongwe si yaikulu. Mlongo wanga sanayambe ndi za kuba. Anayamba ndi K5. Kwa iye, ana akaika ndalama pansi n'kutulutsa makhadi, imeneyo ndi njuga, zinjoka zikhalepo kapena ayi, ndipo anandikumbutsa mashopu obetcha amene adzaza m'makomboni ndi anyamata amene amathera malipiro mmenemo. Ndinayesa kufotokoza kuti apa pali kuwerenga, pali masamu, pali kuganiza. Anandifunsa funso limodzi: pakanakhala palibe K60, mwana wake akanakhala chete ataona makhadi aafupi aja? Ndinalibe yankho. Ndikuganiza kuti mwina akanakhalabe chete, chifukwa pa zaka 14 kutchedwa katswiri n'kokoma kuposa ndalama. Koma sindinganene kuti mlongo wanga analakwa.

Anagwirizana kuti apitirize kusewera, koma mpikisano wa ndalama asalowenso. Anamutumanso kukapepesa kwa atatu aja mmodzimmodzi, kunyumba kwawo, makolo awo alipo. Ndinamuperekeza kwa woyamba. Ulendo wonse sanalankhule, kupatula pobwerera pamene anati, "Amalume, nenze kufuna kukuuzani pa Chibelu paja." Ndinamuuza kuti nanenso ndikanayang'ana pepala lisanachoke pa shopu.

Lolemba m'bandakucha ndinakwera basi yobwerera m'tauni, yodzaza ndi anthu a ntchito ndi matumba a ndiwo zamasamba. Titadutsa Silverest foni inalira. Inali fayilo ina, tsamba limodzi chabe, makhadi 9 omwe aja. Pansi pake analemba kuti, "Muwauze 100%, osati fit to page. Mupimeko na rula mukalibe kulipila."

Rula ndinagula pa kantemba ka pa steshoni. Ili m'chikwama muno.